Ndikagwada, mawu satuluka

Mayi wina watilembera pa imelo. Mwana wawo anagundidwa ndi galimoto yomwe dalaivala wake anali ataledzera, ndipo papita miyezi isanu chimwalirireni. Akuti: "Ena akundiuza kuti chinali chifuniro cha Mulungu, ena akuti ndifufuze tchimo m'banja mwathu. Ndikagwada, mawu satuluka. Kodi chikhulupiriro changa chatha?"

Mayi, pepani kwambiri. Chikhulupiriro chanu sichinathe. Munthu wopanda chikhulupiriro savutika ndi kulephera kupemphera.

Tiyambe ndi nkhani ya tchimoyo, chifukwa ndi imene imapweteka anthu ambiri. Yesu anaikana kawiri konse. Pa Yohane 9, ophunzira ake ataona munthu wobadwa wosaona, anafunsa ngati anachimwa ndi iyeyo kapena makolo ake. Yesu anati palibe mwa iwo. Pa Luka 13 anakamba za anthu 18 amene nsanja ya ku Siloamu inawagwera, nanena kuti sanali ochimwa koposa anzawo. Anzake a Yobu nawonso, Elifazi, Bilidadi ndi Zofari, anachita bwino masiku asanu ndi awiri oyamba, pamene anangokhala naye pansi osanena kanthu. Atangoyamba kumufotokozera chifukwa chomwe akuvutikira, zonse zinasokonekera, ndipo m'mutu 42 Mulungu anawakwiyira iwowo, osati Yobu amene ankadandaula mokweza. Onaninso kuti kuyambira mutu 38 mpaka 41 Mulungu akuyankhula ndi Yobu, koma sakumuuza chifukwa chake ana ake anafa. Chimene Yobu analandira ndi kukumana naye.

Amene anapha mwana wanu ndi munthu amene anasankha kuyendetsa galimoto atamwa. Chimenecho ndi choipa, ndipo chitchuleni motero. Kufuna kuti mlandu uweruzidwe si kusakhululuka ayi.

Nanga pemphero? Musadzikakamize kuyamika pamene mtima ukulira. Bwerekani mawu a Salimo 13, lomwe lili ndi mavesi asanu ndi limodzi okha. Mavesi awiri oyamba ndi dandaulo, ndipo funso lakuti "kufikira liti" likubwera kanayi. Werengani mokweza, kenako onjezani anuanu: tchulani dzina la mwanayo, nenani chimene chakukwiyitsani, ngakhale chitakhala chakuti Mulungu anangoyang'ana. Mavesi 3 ndi 4 ndi pempho. Apa pemphani chinthu chimodzi chaching'ono, monga tulo ta usiku uno kapena mphamvu zodzukira mawa. Mavesi 5 ndi 6 ndi okhulupirira. Ngati sakutheka lero, alekeni, kapena wina akuwerengereni. Ambiri amathamangira mavesi omalizawa poopa kuti kudandaula ndi mwano, ndiye chisoni chimangobisala mumtima n'kusanduka mkwiyo. Tsiku loti zakanikiratu, pali Salimo 88, lomwe limathera mumdima popanda mawu otonthoza ngakhale amodzi, komabe lili m'Baibulo ngati pemphero. Mphindi zisanu patsiku, nthawi yomweyomweyo, n'zokwanira.

Za tanthauzo la zimene zakuchitikiranizi, musalole wina akufulumizitseni. Yosefe anagulitsidwa ali ndi zaka 17, anaima pamaso pa Farao ali ndi zaka 30, ndipo mawu akuti Mulungu anasandutsa choipa kukhala chabwino anawanena patapita zaka zambiri, iye mwini, osati ali m'dzenje. Chiyembekezo cha Mkhristu chagona pakuti Mwana wa Mulungu anaphedwa popanda mlandu, anafuula pamtanda ndi mawu a Salimo 22 kufunsa chifukwa chomwe wasiyidwira, ndipo anauka. Imfa ya mwana wanu Mulungu sakuionera patali.

Pezani munthu mmodzi wodziwa kumvetsera, muzionana naye sabata iliyonse. Ngati kwa milungu iwiri kapena kuposerapo simukugona, simukudya, kapena mukulephera ntchito za tsiku ndi tsiku, pitani kuchipatala, chifukwa matenda a maganizo amalowera m'chisoni ndipo amachizika. Maganizo ofuna kudzipha akabwera, uzani munthu tsiku lomwelo, ndipo akuperekezeni kwa dokotala.