Musanamizidwe ndi makande, chimbudzi chitalikirane ndi chitsime

Mayi, mwati eni malo anu akufuna kukumba chimbudzi pafupi ndi chitsime. Musalole. Zoti dothi lanu ndi makande ndiye chimbudzi chikhoza kuyandikana ndi chitsime, ifenso anatiuza zomwezo ku Chipoka mu 2022, chaka cha kolera chija.

Alandilodi anakumba chimbudzi kumtunda, mapazi khumi okha kuchoka pachitsime. Nditadandaula, iwo amvekere, "Makande salola madzi kudutsa, mwana iwe." Mvula itayamba madzi ankaoneka oyera mbee, osanunkha. Usiku wina mwana wanga wa zaka zitatu anayamba kutsegula m'mimba, zotuluka ngati madzi otsukira mpunga. Ndinasintha zitenje zinayi. Maso analowa m'kati, kulira kunatha, anangoti lobodo pamsana panga. Wakabaza ndinachita kumugogodera pakhomo, matope mpaka m'mawondo. Kuchipatala anavutika kupeza mtsempha woika dripi, anabaya katatu ine ndikuyang'ana. Alandilodi aja? Anabwera m'mawa mwake kudzafunsa ndalama ya lendi. Mpaka lero sindiwapatsa moni.

Mlangizi wa zaumoyo ndi amene anandimasulira. Makande ali ndi timipata tambiri, koma n'tating'ono kwambiri ndipo sitilumikizana bwino, n'chifukwa chake madzi amadikha pamwamba. Koma October uja dothi limang'aluka, chiswe chimaboola njira zake, mizu yowola imasiya mabowo. Zimenezi zikalumikizana, msewu watseguka. Zonyansa siziyenda mofanana ayi: zina zimathamanga mumng'alu n'kufika pachitsime msanga, zina zimatsakamira m'timipata topanda potulukira n'kumatuluka pang'onopang'ono. Ndiye ngakhale mukwirire chimbudzicho, chitsime sichiyera tsiku lomwelo. Inu a kumchenga ngati ku Senga Bay ndiye musayerekeze n'komwe, timipata ta mchenga timalumikizana ponseponse, komanso madzi apansi ali pafupi.

Chimbudzi chikhale mamita 30 kapena kuposa, kumunsi kwa chitsime, ndipo dzenje lisafike pamadzi. Kolorini muzithira m'madzi akumwa tsiku lililonse, kaya Waterguard, ndipo ORS, mankhwala obwezeretsa madzi m'thupi munthu akatsegula m'mimba, asamasowe m'nyumba. Komatu musakangane nawo eni malowo, nyumba zikuvuta kupeza. Ineyo ndikadali pompo, ndipo chitsime chomwecho ndimatungabe mjigo ukawonongeka, ndimangowiritsa madziwo makala akapezeka.