Yankho kwa amalume: bwanji osangotseka intaneti?

Amalume, mwadzuka bwanji? Ndamvera uthenga wanu uja, ndipo ndati ndiyankhule m'malo molemba chifukwa nkhaniyi ndi yaitali, chala chingatope. Mwafunsa kuti popeza mbava za pa intaneti zachuluka chonchi, ena akutumiza mauthenga oti mwapata mphoto, ena akulanda anthu maakaunti, bwanji maboma osangotseka masamba onsewa n'kuika lamulo loti aliyense wolemba zabodza amangidwe. Ndaonanso azakhali aikapo kachala kovomereza, ndiye nawonso amvetsere.

Eee, vutolo ndi lalikuludi, pamenepo sindikutsutsa. Mu May 2017 kachilombo ka pa kompyuta kotchedwa WannaCry kanalowa m'maiko opitirira 150. Kankatseka mafayilo a munthu n'kumalamula dipo kuti awatsegule. Ku England zipatala zinachita kubweza odwala, maopaleshoni ena n'kuimitsidwa. Koma tamvani mmene kanathera. Palibe boma lomwe linazimitsa intaneti. Mnyamata wina wa ku Britain wa zaka 22, Marcus Hutchins, anakafufuza n'kuona kuti kakuyesa kulumikizana ndi dzina la webusaiti lomwe linalibe mwini. Iye analigula dzinalo, kachilombo kaja n'kusiya kufalikira. Komanso a Microsoft anali atatulutsa kale chotsekera mpata umene kachilomboka kankalowera mu March chaka chomwecho, moti ovulala ambiri anali amene sanachiike pa makompyuta awo. Ndiye chenjezo, mankhwala ake, ngakhale munthu wothetsa vutolo, zonse zinadutsa pa intaneti yomweyo imene mukuti itsekedwe.

Chachiwiri, mukatseka, mbava si imene imavutika. Mu 2023 ofesi ya United Nations yoona za ufulu wa anthu inati ku Myanmar kuli anthu osachepera 120,000, ndipo ku Cambodia pafupifupi 100,000, omwe anawanamiza ntchito n'kuwatsekera m'mipanda kuti azibera anthu pa foni ndi pa intaneti. Inde amalume, nthawi zina amene akukutumizirani uthenga wachinyengo nayenso ndi kapolo. Mu February 2025 dziko la Thailand linadula magetsi ndi intaneti yopita ku matauni ena a m'malire a Myanmar pofuna kuwakhaulitsa. Eni mipanda aja ndalama ali nazo, anali ndi majenereta, intaneti n'kumaikoka kumwamba kudzera pa masetilaiti a kampani ya Starlink. Wotsala mu mdima ndi munthu wamba. Zili ngati kuwotcha nyumba pofuna kupha khoswe, khoswe n'kutulukira kubowo.

Koma pamene ndikufuna mumvetse bwino ndi pa lamulo lija la "wolemba zabodza amangidwe". Pali milandu iwiri yosiyana imene maboma amakonda kuiika m'thumba limodzi. Wina ndi wa chochita: kulowa mu kompyuta ya mwini popanda chilolezo, kutchera khutu mauthenga a anthu, kuononga mafayilo, kuba ndalama mwachinyengo, kufalitsa zithunzi zozunza ana. Pangano la ku Budapest la 2001, lomwe linali loyamba la maiko ambiri pa nkhaniyi, linalunjika pa zinthu ngati zimenezi. Apa wolakwiridwa amaoneka, umboni umapezeka, ndipo palibe amene angadandaule. Wina ndi wa choyankhula: "nkhani zabodza", "kunyoza", "kusokoneza mtendere". Apa ndiye pali funso, woweruza kuti ili ndi bodza ndani? Kawirikawiri amakhala yemwe nkhaniyo ikumunena.

Ndikupatseni chitsanzo. Ku Philippines anakhazikitsa lamulo lothana ndi umbava wa pa intaneti mu 2012. Mu June 2020 khoti linapeza mtolankhani Maria Ressa wolakwa pa mlandu woipitsa mbiri ya munthu pogwiritsa ntchito lamulo lomwelo, chifukwa cha nkhani yomwe nyuzipepala yake ya pa intaneti, Rappler, inatulutsa mu May 2012, lamulolo lisanabadwe n'komwe. Omuimba mlanduwo ankati popeza a Rappler anakonzamo chilembo cholakwika mu 2014, ndiye kuti anaitulutsanso mwatsopano. Tangoganizani. Mayi ameneyu sanabe ndalama ya munthu, sanathyole kompyuta ya aliyense. Chaka chotsatira, 2021, anapatsidwa mphoto ya mtendere ya Nobel.

Ku Nigeria nakonso, mu June 2021 boma linatseka Twitter patangopita masiku ochepa kampaniyo itafufuta uthenga wa Pulezidenti Buhari. Inakhala yotseka mpaka January 2022. Odziwa zinthu ankalowabe pogwiritsa ntchito VPN, pulogalamu yozembera chotseka chotere, koma ochita malonda ang'onoang'ono ambiri anataya makasitomala. Mu July 2022 khoti la ECOWAS, bungwe la maiko a kumadzulo kwa Africa, linagamula kuti kutsekako kunali kuphwanya ufulu wa anthu.

Mwina mukuti, ndiye boma lingopinda manja? Ayi ndithu. Ufulu wofunafuna, kulandira ndi kugawana chidziwitso unalembedwa mu ndime 19 ya chikalata cha United Nations cha ufulu wa anthu cha 1948, koma pangano la maiko la 1966 pa za ufulu womwewo linanena poyera kuti ufuluwu ukhoza kuchepetsedwa. Kungoti linaika zoyenera kutsata. Choletsacho chikhale cholembedwa m'lamulo momveka, kuti munthu adziwiretu chomwe chingamumangitse. Chikhale ndi chifukwa chenicheni, monga kuteteza ufulu ndi mbiri ya ena, chitetezo cha dziko kapena umoyo wa anthu. Ndipo chikhale chofunikadi, osati choposa msinkhu wa vutolo. Apa ndi pamene maboma ambiri amagwera. Webusaiti imodzi yomwe yadziveka nkhope ya banki kuti ikolole manambala achinsinsi a anthu, itsekedwe lero lomwe, ine ndiombera m'manja. Koma kuzimitsira chigawo chonse chifukwa cha anthu ochepa, ayi. India itadula intaneti m'chigawo cha Kashmir mu August 2019, khoti lalikulu la dzikolo linanena mu January 2020 kuti kutseka kopanda malire a nthawi n'kosaloledwa, ndipo chilamulo chotsekera chiyenera kulengezedwa poyera kuti anthu athe kukachitsutsa kukhoti. Ngakhale zinali choncho, intaneti yothamanga ya pa foni inabwerera m'chigawo chonsecho mu February 2021. Ganizirani ana asukulu ndi madokotala pa nthawi ya Covid ija.

Ine ndimaona kuti chomwe chimagwiradi mbava n'chosasangalatsa kuchimva, sichikoma pa msonkhano wa ndale. Ndi apolisi ophunzitsidwa kutsata ndalama, mabanki ndi makampani a foni oimitsa akaunti msanga munthu akadandaula, komanso maiko kuthandizana, chifukwa wakuba amakhala dziko lina, seva (kompyuta yosunga webusaiti) dziko lina, woberedwa dziko lachitatu. N'chifukwa chake mu December 2024 United Nations inavomereza pangano latsopano la milandu ya pa intaneti, ndipo maiko anayamba kusaina ku Hanoi, likulu la Vietnam, mu October 2025. Cholinga n'chabwino. Koma omenyera ufulu akudandaula pa mfundo imodzi, ndipo ine ndili nawo mbali imodzi: panganoli likulola maiko kupemphana umboni pa mlandu uliwonse womwe chilango chake chimafika zaka 4 kapena kuposerapo. Tsono kuli maiko kumene kudzudzula mtsogoleri pa Facebook chilango chake n'choposa pamenepo. Ndiye dziko lotere likhoza kupempha dziko linzake kuti lilithandize kufufuza munthu amene wangolemba maganizo ake, ngati kuti ndi mbava.

Azakhali, za kuti boma liziwerenga mauthenga a aliyense pa WhatsApp kuti ligwire akuba, zomwe munanena tsiku lija, vuto lake ndi loti khomo limene mwasiyira wapolisi, wakuba nayenso amalipeza. Koma imeneyo ndi nkhani ina yaitali, ndijambula padera madzulo.