Kodi mapiritsi a mavitamini andiwonjezera liwiro?

FUNSO: Achimwene, ndine mnyamata wa zaka 22 wa ku Kamwendo, Mchinji. Mbandakucha uliwonse ndimathamanga mumsewu wa ku Boma pokonzekera mayeso olowera usilikali. Msuweni wanga wabwera kuchokera ku Joni ndi mabotolo awiri, la vitamini C wa mamiligalamu 1,000 ndi la vitamini E. Akuti ndikamameza tsiku lililonse miyendo sidzaphwanya ndipo mpweya sudzandithera. Ndiyambe kumwa?

YANKHO: Mphwanga, msuweniyo umuthokoze, koma mabotolowo ayambe akhala pa alumali.

Takumbukira sabata yoyamba yolima. Mpini umakutulutsa matuza, chikhatho kuyaka moto, koma pofika nthawi yopalira manja akhwima okha. Minofu nayo imakhwima chifukwa chovutika. Ukamathamanga imawotcha chakudya ndi mpweya wambiri, ndipo mumatuluka tizinthu tolusa totchedwa ma free radical. Kale anthu ankangoti timeneti ndi adani, n'chifukwa chake mapiritsi otizimitsa, omwe amatchedwa ma antioxidant, adayenda malonda. Vitamini C ndi E ali m'gulu lomwelo. Koma zidadziwika kuti tizinthuti ndi amithenga. Ndito timauza thupi kuti kuno ntchito yakula, ndipo thupi limayankha pomanga ma mitochondria ambiri, timbaula ta m'maselo momwe mumachokera mphamvu zothamangira mtunda wautali. Limawonjezeranso chitetezo chakechake. Ukameza piritsi lalikulu lija, wamubweza mthenga asanafike kwa mfumu.

Si nkhambakamwa zanga. Mu 2008 ku Valencia, m'dziko la Spain, makoswe omwe ankaphunzitsidwa kuthamanga uku akupatsidwa vitamini C wambiri sadalimbe ngati anzawo osapatsidwa. Mwina unena kuti iwe si khoswe, chabwino. Mu 2014 ku Norway adayesa pa anthu 54 kwa masabata 11. Ena ankamwa mamiligalamu 1,000 a vitamini C ndi 235 a vitamini E tsiku lililonse, ena mapiritsi opanda kanthu. Ndinene chilungamo: pa mayeso othamanga magulu onse awiri adapita patsogolo mofanana. Koma atadula kanyama pang'ono pantchafu n'kukapima, adapeza kuti mwa omwa mavitamini zizindikiro zoti timbaula tija tikuchuluka zidali zotsalira. Choncho piritsilo silidamuwonjezere munthu liwiro, koma lidasokoneza ntchito ya m'kati. Ukuluzirapo chiyani ukalisiya?

Mwamuna wa msinkhu wako amafunika pafupifupi mamiligalamu 90 a vitamini C patsiku. Gwafa mmodzi wabwino wadutsa kale pamenepo. Pali malambe, mapapaya, mango, tomato, ndi masamba monga nkhwani ndi bonongwe, bola asapse mpaka kulobodoka kapena kuthiridwa soda wambiri, chifukwa vitaminiyu amafera m'poto momwemo. Za vitamini E ndiye usandiseketse. Munthu wa ku Mchinji, kwawo kwa mtedza, kukadalira botolo la ku Joni! Nsinjiro za m'ndiwo ndi mafuta a mpendadzuwa zikukwanira. Zochokera m'chakudya zimalowa pang'onopang'ono ndipo sizifika mlingo wosokoneza uja. Ukapitirira mamiligalamu 2,000 a vitamini C patsiku, dikira kutsekula m'mimba uli pakati pa msewu, ndipo kwa ena kumwa wambiri chonchi kumabweretsa timiyala mu impso.

Kuphwanya kwa miyendo nthawi zambiri n'chifukwa chowonjezera mtunda mopupuluma, kapena kusapumula. Pa sabata usiyepo tsiku limodzi kapena awiri, ugone mokwanira, nsima usachepetse. Koma ngati ukupuma wefuwefu pamtunda womwe kale sunkaumva, kapena ukuchita chizungulire, pita kuchipatala akapime magazi ndi malungo. Akakulembera mavitamini kumeneko, imeneyo ndi nkhani ina, umwe monga akuuzira.

Msuweniyo akamabwerera ku Joni umunong'oneze saizi ya phazi lako.