Palácio de São Paulo: nyumba yachifumu kapena ya bwanamkubwa?

Funso: Ndine mphunzitsi wa mbiri yakale kusekondale. Ndikulembera ophunzira anga kankhani ka chilumba cha Ilha de Moçambique, pomwe pali chinyumba chofiira chotchedwa Palácio de São Paulo. Kodi ndilembe kuti nyumba yachifumu? Nanga mkulu wa Apwitikizi wokhala mmenemo ndimutchule kuti kazembe, gavanala kapena bwanamkubwa?

Yankho: Aphunzitsi, tiyambe ndi munthuyo, chifukwa dzina la nyumba likutsamira pa iye.

Mawu oti kazembe asiyeni. N'zoona kuti amene tidakulira Baibulo lakale lija timadziwa Pilato ngati kazembe, ndipo ntchito ya Pilato inali yomweyi, yolamulira dera m'malo mwa mfumu yokhala kutali. Koma mwana wa lero akamva kazembe amaganiza za nthumwi yoimirira dziko lake kunja, ya ku Washington kapena ku London. Gavanala nayenso watanganidwa kale: alipo wa banki yaikulu, alipo wa chipani m'chigawo. Ine ndingalembe bwanamkubwa, mawu omwe makolo athu ankatchulira mkulu wa atsamunda ku Zomba. Vuto lake n'loti masiku ano pa wailesi bwanamkubwa ndi DC, choncho musawasiye okha mawuwa. Nenani kuti bwanamkubwa wa Apwitikizi wolamulira Mozambique, ana adziwe kuti sikuti mukunena wa boma limodzi ngati Dedza kapena Ntcheu.

Tsopano nyumba. Mfumu ya Portugal inkakhala ku Ulaya, ndipo Mozambique inkawerengedwa ngati chigawo chake cha kutsidya kwa nyanja. Wokhala m'chinyumba chofiiracho anali wantchito wotumidwa. Nthawi yake ikatha ankalongedza, n'kubwera wina. Mukalemba nyumba yachifumu, ophunzira ayamba kufunafuna mfumu yomwe kunalibe. Ndikudziwa kuti atolankhani athu adazolowera kunena nyumba yachifumu ya Sanjika, ngakhale kumeneko kumakhala pulezidenti wochita kusankhidwa. Chizolowezi chimenecho chidamera mizu ndipo sindilimbana nacho, koma m'kalasi la mbiri yakale sichikuthandizani. Lembani nyumba ya bwanamkubwa. Nyumba ya boma nayonso ndi yosakwanira, poti ngakhale ya mlangizi wa zaulimi kumudzi ndi ya boma.

Onaninso kalembedwe. Mu nyumba ya bwanamkubwa, ya amaima payekha chifukwa akuonetsa mwini wake. Mu nyumba yachifumu, timalumikiza chifukwa mawuwo akufotokoza mtundu wa nyumbayo, monga mu nsalu yachikale.

Komabe dzina limodzi silingakwane nkhani yonse, pakuti nyumbayi yasintha ntchito kangapo. Idamangidwa mu 1610 ngati sukulu ya ansembe Achikatolika a chipani cha Ajezuiti, n'chifukwa chake mpaka lero ili ndi katchalitchi kake. Pa zaka zimenezo itchuleni sukulu ya ansembe basi. Boma la Portugal litapirikitsa Ajezuiti mu 1759, nyumbayo idagwa m'manja mwa boma n'kusanduka pokhala bwanamkubwa. Mu 1898 likulu la Mozambique lidachoka pachilumbachi n'kusamukira ku Lourenço Marques, komwe lero ndi Maputo, ndipo chilumbacho chidayamba kuzilala. Lero ndi nyumba yosungiramo zinthu zakale. Muli mipando, makama ndi ziwiya zochokera ku Portugal, ku India ndi ku China. Za ku India n'zosadabwitsa, poti mpaka 1752 Mozambique inkalamulidwa kuchokera ku Goa, dera la Apwitikizi ku India. Panja pake paima chiboliboli cha Vasco da Gama, Mpwitikizi woyenda panyanja yemwe adakocheza pachilumbacho mu 1498, ndipo mu 1991 bungwe la UNESCO lidaika chilumba chonse m'kaundula wa malo ofunika kusamalidwa padziko lapansi.

Apa ndi pomwe mneni angakupusitseni, ndipo ndaona kuti m'funso lanu mwamuzemba polemba kuti wokhala mmenemo. Mawu oti amakhalamo ali pawiri. Pakamwa, kakwezedwe ka mawu kamasiyanitsa zakale ndi zamasiku onse, koma papepala zimaoneka chimodzimodzi. Mukalemba kuti nyumba yomwe amakhalamo bwanamkubwa, wina aganiza kuti bwanayo akadali momwemo, akudya nsomba za m'nyanja ya mchere. Lembani ankakhalamo, kukaika kuthe. Kachidutswa ka -mo musakataye, chifukwa ndi kamene kakutilowetsa m'kati mwa nyumba. -Ko ndi ka chilumba chonse, monga ankakhalako Apwitikizi ndi Amakua.

Ana akadzafunsa za masiku ano, chilumbachi chili m'chigawo cha Nampula, ndipo likulu la chigawocho ndi mzinda wa Nampula, kumtunda. Kuyambira zisankho za 2019 mkulu wa chigawo ku Mozambique amachokera m'mavoti, ndipo pambali pake pamakhala mlembi woimirira boma wosankhidwa ndi pulezidenti. Kwa wa mavotiyu gavanala wa chigawo akumveka bwino kuposa bwanamkubwa, bola mawu oti wa chigawo cha Nampula atsatire pomwepo.