Dzina la m'mphepete mwa mendulo

Achimwene, musanaike mtengo pa mamendulo a ku Burma amene mwatisonyezawo, mumve kaye zimene zinandigwera ine mu 2019, chifukwa mtima umene muli nawo lero, woganiza kuti mwina ndi a agogo anu, ndi womwewo umene unanditayitsa ndalama zoposa £550 m'mphindi ziwiri zokha. Ndikulemba mofulumira chifukwa mwanena kuti okushoniyo ikuchitika Lachisanu.

Mamendulo anayi amene ali pa chithunzi chanuwo, Burma Star, 1939-45 Star, Defence Medal ndi War Medal, boma la Britain linkawapereka opanda dzina la mwiniwake. Maiko ngati South Africa, Australia ndi India ndiwo ankadinda maina pa mamendulo a asilikali awo a nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. Choncho mawu a wogulitsayo akuti anali a msilikali wa KAR (King's African Rifles, gulu la asilikali a mu Africa a boma la Britain) wa ku Nyasaland ndi mawu a pakamwa chabe, pokhapokha ataonetsa buku la msilikaliyo lotulukira usilikali, kapena pakhale mendulo ina yokhala ndi dzina imene inasokedwa pamodzi ndi enawo kalekale, monga General Service Medal ya ku Malaya, kumene mabataliyoni athu anapita m'zaka za m'ma 1950. N'zoona kuti makolo athu anamenya nkhondo ku Burma, ndipo anadutsa m'chigwa cha Kabaw m'nyengo ya mvula mu 1944 ali m'gulu la 11th East African Division, koma nyenyezi yomweyo ya Burma Star inaperekedwanso kwa Angerezi, Amwenye ndi asilikali a kumadzulo kwa Africa ochuluka zedi, ndipo zonse n'zofanana ngati mazira a nkhuku imodzi.

Yanga inali ndi dzina, ndipo dzinalo ndilo linandipusitsa. Inali Africa General Service Medal ya siliva, ya riboni yachikasu yokhala ndi mizere yakuda m'mbali ndi timizere tiwiri tobiriwira pakati, ndipo inali ndi tizitsulo tiwiri topingasa pa riboni, timene osonkhanitsa mamendulo amatitcha clasp. Kena kanalembedwa Somaliland 1902-04, kenako Nyasaland 1915. Aliyense wodziwa mbiri yathu akudziwa chimene chaka cha 1915 chikutanthauza: clasp imeneyo inaperekedwa kwa amene anatumizidwa kukathetsa kuukira kwa John Chilembwe, kumene kunayamba pa 23 January chaka chimenecho. Ndinkadziwa bwino kuti ndikufuna kugula mphotho ya anthu amene anasakasaka munthu amene nkhope yake ili pa ndalama zathu, ndipo zimenezi zinandivuta mumtima kwa masiku angapo, koma ndinadziuza kuti msilikaliyo analinso mwana wa kwathu, ndipo kunali bwino kuti mendulo yake isungidwe ndi Mmalawi kusiyana n'kuti izingogona m'dirowa ya munthu wosadziwa n'komwe kumene kuli Chiradzulu. Komanso dzina limene linadindidwa m'mphepete mwake linali lofala kwambiri kwawo kwa amayi anga ku Zomba, ndipo ndinayamba kale kulota kuti mwina ndi wachibale.

Amene ankagulitsa inali kampani yaing'ono ya m'tauni ina kuno ku England, yogulitsa mipando yakale, mawotchi ndi mbale za anthu omwalira, osati akatswiri a mamendulo. Anaika zithunzi zitatu zokha, chakumaso, chakumbuyo, ndi chimodzi cha m'mphepete chosaoneka bwino. Ndinaona kuti kumaso kwa menduloyo kunali mutu wa Mfumu Edward VII, amene anamwalira mu 1910, pamene mamendulo atsopano a mu 1915 ankakhala ndi mutu wa George V, ndipo ndinawalembera kuwafunsa. Anandiyankha mwaulemu kuti msilikali amene analandira kale mendulo ya ku Somaliland sankapatsidwa ina, ankangowonjezeredwa clasp. Yankho limeneli n'loona, ndipo chifukwa chakuti linali loona ndinasiya kufunsa mafunso ena onse amene ndinayenera kufunsa. Ndinkadziwanso kuti KAR itakhazikitsidwa mu 1902, mabataliyoni awiri oyambirira anali a ku Nyasaland ndipo asilikali athu anapitadi ku Somaliland, kumene Alexander Cobbe, amene dzina lake lili pa balaki ya ku Zomba, anapatira Victoria Cross, mendulo yapamwamba kwambiri ya kulimba mtima ku Britain. Nkhani yonse inkagwirizana bwino lomwe.

Tsiku la okushoni ndinali nditangoweruka ku ntchito ya usiku, ndipo ndinakhala pa tebulo la m'khichini ndi kompyuta, ndisanavule n'komwe nsapato. Ndinali nditadziikira malire a £300. Amene munaonapo okushoni ya fodya ku Kanengo kapena ku Limbe mukudziwa changu chake, koma ya pa intaneti ili ndi msampha wina, chifukwa munthu amene ukulimbana nayeyo sukumuona, umangoona nambala ikukwera ndi batani likukuitana. Itafika pa £300 ndinati ndiwonjezere kamodzi kokha, kenako kachiwiri, ndipo nyundo inagwa pa £420. Ndinali nditaiwala kuti pamwamba pa mtengo wa nyundo pamakhala gawo la kampani yogulitsayo, limene nthawi zambiri limaposa 20 pa 100 iliyonse, ndiye VAT pa gawo limenelo, ndiye ndalama yogwiritsira ntchito intaneti, ndiye ya positi ndi inshuwalansi. Kalata yolipirira itafika ndinaiwerenga kawiri, kenako ndinaibisa kuti mayi a kunyumba asaione.

Phukusi litafika ndinachita chinthu chopusa kuposa zonse. Menduloyo inali yakuda bii, monga siliva wakale amachitira, ndipo ndinaipukuta ndi mankhwala opukutira siliva mpaka inawala ngati ndalama yatsopano. Ndinaijambula n'kutumiza zithunzi kwa amalume ku Zomba, ndipo iwo anayamba kufunsa akuluakulu a m'mudzi ngati akukumbukira munthu wa dzina limenelo amene anapita ku nkhondo ya Chiwaya, ndiyo yoyamba ya padziko lonse, kapena nkhondo zina za m'mbuyo mwake. Mkazi wina wokalamba ananena kuti akukumbukira, ndipo nkhani inafalikira kuti mendulo ya agogo yapezeka ku Ulaya.

Patapita pafupifupi miyezi iwiri ndinapita nayo ku msika wa osonkhanitsa mamendulo, ndili wonyada, nditaikulunga m'kansalu. Ndinaionetsa kwa bambo wina wachikulire amene anali ndi tebulo lodzaza mamendulo a nkhondo za mu Africa. Sanayang'ane kumaso kapena kumbuyo n'komwe. Anaitembenuza chammbali, n'kutulutsa kagalasi kokuzira, ndipo anakhala chete nthawi yaitali akuizungulitsa pang'onopang'ono pakati pa zala. Kenako anatenga kachipangizo koyezera n'kuyeza mopingasa, anapeza mamilimita 36 monga ziyenera kukhalira, koma atayeza kuchokera pamwamba kufika pansi, pamene pali dzina, muyeso unapelewera pang'ono. Anandipatsa kagalasiko n'kundiuza kuti ndidzionere ndekha. Ndinaona timizere ting'onoting'ono ta tupa tonse tolowera mbali imodzi, ndinaona kuti zilembo sizinali pamzere umodzi, china chakuya china chosazama chifukwa zinakhomedwa chimodzichimodzi ndi dzanja, ndipo pakati pa nambala ndi dzina panali chithunzithunzi cha chilembo china chakale chimene tupa sinathe kuchifufuta chonse. Munthu wina anapala dzina la mwiniwake weniweni n'kukhomapo lina. Atatero anandisonyezanso timisomali togwira clasp ya Nyasaland 1915, ndipo tinali tatsopano, tosiyana ndi ta clasp inayo, ndi kachizindikiro ka mtovu wowotcherera kumbuyo kwake. Anandiuza modekha kuti menduloyo payokha ndi yeniyeni, koma dzinalo ndi clasp yachiwiriyo n'zoikirira, ndipo mtengo wake sungafike ngakhale theka la ndalama imene ndinalipira. Anandifunsanso kuti anaipukuta ndani, ndipo ndinalephera kuyankha. Ndinatuluka m'holomo n'kukakhala m'galimoto kwa ola lathunthu osailiza, ndikuganiza za mkazi wokalamba uja ndi zimene ndidzawauze amalume.

Chimene chimandipweteka mpaka lero ndi khalidwe la ogulitsawo. Nditawalembera, ndi zithunzi zooneka bwino za timizere ta tupa, anatenga masabata awiri osayankha, kenako anandiuza kuti masiku obwezera katundu anadutsa, kuti malamulo awo amanena kuti wogula ndiye ayenera kudzikhutiritsa asanagule, ndiponso kuti popeza ndinaipukuta, katunduyo salinso mmene anachokera kwa iwo. Pa mfundo yomalizayi anandigwira pakhosi, ndikuvomereza. Koma anthu amenewa amagwira zinthu zakale tsiku ndi tsiku, ali ndi magalasi okuzira pa desiki iliyonse, ndipo sindikhulupirira kuti chithunzi cha m'mphepete chija chinangopezeka chosaoneka bwino mwangozi pamene zina ziwirizo zinali zowala bwino. Ankadziwanso kuti ndine Mmalawi chifukwa ndinawauza m'kalata yoyamba ija, ndipo anaona kuti ndikugula ndi mtima osati ndi mutu. M'phukusi lomwelo munalinso kakapu kamene anakalemba kuti ndi ka siliva, koma pansi pake panadindidwa EPNS, kutanthauza chitsulo china chongokutidwa ndi siliva pamwamba. Siliva weniweni wa ku England amakhala ndi kachizindikiro ka mkango woyenda, kosonyeza kuti magawo 925 pa 1000 ndi siliva, pamodzi ndi chizindikiro cha mzinda umene anamuyesera, mutu wa kambuku ngati ndi London, nangula ngati ndi Birmingham, ndi chilembo chosonyeza chaka. Munthu wogulitsa mbale zakale sangalephere kusiyanitsa zimenezi, ndipo ngati ananama pa kapu, pa mendulo sindingawakhulupirire.

Chomvetsa chisoni n'chakuti njira yodzitetezera inalipo ndipo inali yosafuna ndalama zambiri. Mabuku a maina a anthu amene analandira mamendulo amenewa amasungidwa ku National Archives ku Kew, a nkhondo zakalezi m'gulu la WO 100, a nkhondo yoyamba ya padziko lonse mu WO 329, ndipo mphotho za kulimba mtima zambiri zinkalengezedwa mu London Gazette, nyuzipepala ya zilengezo za boma la Britain. Nditafufuza mochedwa, nambala ya pa mendulo yangayo sindinaipeze pamodzi ndi dzina limenelo pa mndandanda wa clasp iliyonse mwa ziwirizo. Ntchito imeneyi inanditengera madzulo awiri okha, ndipo ndikanaichita ndisanakweze mtengo, bwenzi ndalama zanga zili m'thumba. Makampani odziwa za mamendulo ku London, monga Noonans ndi Spink, amalemba m'makatalogi awo ngati dzina linakonzedwa kapena kudindidwanso, ndipo mitengo ya malonda awo akale imapezeka pa intaneti, choncho mungathe kuona mtengo weniweni wa chinthu musanapikisane ndi munthu wosaoneka.

Langizo langa ndi lakuti musagule mendulo imene simunaigwire m'manja kapena kuona zithunzi zowala za m'mphepete mwake mozungulira monse, ndipo musaipukute ngakhale itada chotani, chifukwa kuda kumeneko ndi umboni wa zaka zake. Musauze wogulitsa kuti mukufunafuna za agogo anu, ndipo musauze achibale kumudzi musanatsimikize. Werengerani gawo la kampani, VAT ndi positi musanalembe malire anu, ndipo malirewo muwapereke kwa ogulitsa pasadakhale m'malo mokhala pa kompyuta pamene malonda akuchitika.

Komabe, achimwene, mamendulo anuwo ndi a mtundu wofala ndipo sakhala okwera mtengo ngati yanga ija, pakuti Defence Medal ndi War Medal za ku Britain si za siliva n'komwe, ndi mkuwa wosakaniza ndi nickel. Ngati mtengo ungakhale wotsika, ine ndinganene kuti gulani, muwaike m'kabokosi ka galasi pamodzi ndi chithunzi cha agogo anu, bola muzinena zoona kwa ana kuti awa ndi mamendulo a mtundu umene agogo analandira, osati iwo enieniwo. Nanenso sindinasiye. Mwezi watha ndinagulanso pa intaneti, osaigwira m'manja, British War Medal ya siliva, ya nkhondo yoyamba ya padziko lonse, ya msilikali wa bataliyoni yoyamba ya KAR, chifukwa nambala yake ndinaipeza m'buku la ku Kew ndipo ndinaopa kuti ndikadikira ipita kwa wina. Yoikirira dzina ija ndidakali nayo m'dirowa, sindingaigulitse kwa munthu popanda kumuuza, ndipo amalume ndinawauza zoona patapita chaka chathunthu. Nditumizireni chithunzi chakumbuyo kwa nyenyezi ziwirizo ndi cha mmene riboni zasokedwera Lachisanu lisanafike, ndizione.