Kumene mungapeze chiwerengero cha makobidi osulidwa mwapadera

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa bambo ena amene akukhala ku America, ndipo ayamba kusonkhanitsa ndalama zachitsulo zakumeneko. Iwo anagula khobidi la masenti asanu, lija amalitchula kuti nickel, la chaka cha 1994 lokhala ndi chilembo cha P (chosonyeza kuti linasulidwa ku Philadelphia), atauzidwa kuti ndi losowa chifukwa linasulidwa mwapadera. Atafufuza pa intaneti anapeza kuti makobidi a 1994-P anasulidwa oposa 700 miliyoni. Tsono akufunsa ngati anapusitsidwa, komanso kumene munthu angapeze chiwerengero chenicheni cha makobidi oterewa.

Bambo, nambala imene mwaipezayo ndi yoona, koma si ya khobidi limene wogulitsa uja ankanena. Chaka chimenecho ku Philadelphia anasula nickel zamitundu iwiri zokhala ndi chaka chimodzi ndiponso chilembo chimodzi. Zambirimbirizo zinali zogulira zinthu m'masitolo. Zinazo, zimene nkhope yake ndi yosanyezimira ndipo osonkhanitsa makobidi amazitchula kuti matte, sizinalowe m'manja mwa anthu wamba, koma zinkagulitsidwa m'seti imodzi yokha yokumbukira Thomas Jefferson, pulezidenti wakale wa America amene nkhope yake ili pa nickel, pamodzi ndi dola yasiliva ndi ndalama yapepala ya madola awiri. Maseti amenewo anagulidwa 167,703, ndipo chimenecho ndicho chiwerengero chimene mukufuna.

Apa ndi pamene ambiri amasokonekera. Khobidi losulidwa mwapadera kawirikawiri silikhala ndi mzere wakewake m'ndandanda ya ndalama zimene US Mint, bungwe la boma losula makobidi ku America, inatulutsa chaka chimenecho, chifukwa ndandanda imeneyo imawerenga ndalama zopita kumabanki. Choyamba muyenera kudziwa seti imene khobidilo linabweramo, kenako mufufuze kuchuluka kwa maseti amene anagulidwa. Nickel ya matte ya 1997-P inabwera m'seti yokumbukira munda wa zomera wa Botanic Garden, ndipo maseti anali 25,000 okha. Khobidi la theka la dola la 1998-S (S akuimira San Francisco) lokhala ndi nkhope ya John F. Kennedy linagulitsidwa limodzi ndi dola yasiliva ya mng'ono wake Robert, ndipo analipo pafupifupi 62,000. Dola yasiliva yotchuka ya American Eagle ya 1995-W (W akuimira West Point) inkapezeka m'seti yokhala ndi makobidi anayi agolide, n'chifukwa chake anthu amene anaikwanitsa anali ochepa, ndipo chiwerengero chake ndi 30,125. Chimodzimodzinso makobidi a satin (a nkhope yosalala, yosanyezimira kwambiri) a zaka za 2005 mpaka 2010, amene ankaikidwa m'maseti apachaka, ndi a Special Mint Set a 1965 mpaka 1967, pamene boma linayamba laimitsa maseti a proof (a makobidi onyezimira ngati galasi). Pa khobidi limene linagulitsidwa m'maseti angapo, muyenera kuwonkhetsa maseti onsewo.

Mukadziwa setiyo, malo oyamba kuyang'ana ndi buku lotchedwa A Guide Book of United States Coins, limene aliyense amangoti Red Book chifukwa cha chikuto chake chofiira, ndipo limatuluka chaka ndi chaka. Pa makobidi a m'ma 1990 bukuli ndi lokwanira, pakuti manambala ake anakhazikika kale. Pa makobidi atsopano pitani pa webusaiti ya US Mint, pamene amalengeza kuchuluka kwa katundu aliyense amene wagulidwa, ndipo magazini monga Coin World ndi Numismatic News amasindikizanso manambala omwewo. Dzina la seti mulilembe m'Chingerezi monga momwe lalembedwera pa katoni yake, chifukwa mukangolemba chaka ndi chilembo mudzabwereranso ku 700 miliyoni kuja.

Chenjezo langa lalikulu ndi lakuti pali manambala atatu osiyana amene ogulitsa amawasakaniza, ena mosadziwa, ena mwadala. Yoyamba ndi malire amene US Mint imalengeza isanayambe kugulitsa, kunena kuti sidzasula zoposa pamenepo. Yachiwiri ndi kuchuluka kwa zimene zagulidwa kufika sabata inayake, ndipo nambala imeneyi imatha kutsika chifukwa anthu ena amabweza katundu kapena malipiro awo amakanidwa. Yachitatu ndi yomaliza, imene imabwera akamaliza kuwerengera zonse, nthawi zina patapita zaka. Seti ya 2017-S ya enhanced uncirculated (mtundu wina wa kasulidwe kapadera), yokumbukira zaka 225 za US Mint, inali ndi malire a 225,000, koma zimene zinagulidwa zinali pafupifupi 210,000. Amene akulemba 225,000 ngati chiwerengero cha makobidiwo akukuuzani malire chabe. Ine ndikapeza nambala yothera ndi maziro ambiri ndimayamba ndakayikira, ngakhale kuti nthawi zina imakhala yolondola, monga zilili ndi 25,000 ya 1997 ija, imene inagulidwa yonse.

Palinso nambala ina imene simuyenera kuiyesa chiwerengero cha makobidi osulidwa. Makampani oyeza makobidi monga PCGS ndi NGC amasindikiza kuchuluka kwa makobidi amene awayeza ndi kuwatsekera m'mapulasitiki. Imeneyi imathandiza podziwa kuti makobidi opanda chilema alipo ochuluka bwanji, koma anthu ambiri satumiza makobidi awo kukayezetsa, pamene ena amaswa pulasitiki n'kutumizanso khobidi lomwelo poyembekezera giredi yapamwamba, motero khobidi limodzi limawerengedwa kawiri.

Funso loti munapusitsidwa kapena ayi silingayankhidwe ndi manambala, pakuti nickel zamitundu iwiri zija zonse zili ndi 1994 ndi P. Tengani khobidi lanulo, muligwire m'mphepete, muliike pafupi ndi nickel wamba pansi pa nyale. La matte silibweza kuwala mozungulira mukamalipendeketsa, nkhope yake yonse imaoneka yofanana ngati yakhulidwa ndi mchenga wosalala, ndipo masitepe a nyumba ya Jefferson yotchedwa Monticello kuseri kwake amaoneka bwino lomwe. Ngati linabwera lopanda katoni ya seti yake ndiponso lopanda pulasitiki ya oyeza, kalionetseni kwa wogulitsa makobidi wina amene alibe mbali pa malondawo musanaliike m'gulu la 167,703 aja.