Ine ananditchula mtumiki wa mdima mwana wanga akumva

Achemwali, ndawerenga uthenga wanu manja akunjenjemera. Mawu anakuuzani ku mapemphero a achinyamatawo, oti sukulu yakulandani Mulungu, inenso anandigwera, ndipo anga anali owawa kuposa pamenepo.

Ndimaphunzitsa Biology. Chaka china ndinatenga ana a Fomu 4 kupita nawo ku myuziyamu ya ku Karonga kuti akaone Malawisaurus, chinyama chomwe chinkayenda m'dziko lathu lino zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo, komanso akamve za chibwano cha munthu wakale chomwe chinapezeka ku Uraha, m'boma lomwelo la Karonga, mu 1991, cha zaka pafupifupi 2.4 miliyoni. Mmodzi mwa anawo anali mwana wa mkulu wa mpingo wathu.

Lamulungu lotsatira, nthawi ya zolengeza, bambowo anaimirira. Anati, "Muno muli aphunzitsi ena, m'mawa akuimba kwaya, mkati mwa sabata akuuza ana athu kuti agogo awo anali anyani. Amenewo ndi atumiki a mdima." Dzina sanatchule, koma maso anali pa ine, ndipo tchalitchi chonse chinacheuka. Ndinali mu yunifolomu ya kwaya, buku la nyimbo lili m'manja, ndinalifinya mpaka chikuto kung'ambika. Amayi ena kumbuyo anayankha kuti ameni. Mwana wanga wa zaka 7 anali pamkeka kutsogolo, akundiyang'ana. Tili m'njira anandigwira chitenje n'kufunsa, "Amayi, kodi mumagwira ntchito kwa Satana?" Ndinalephera kumuyankha. Nsima ya tsiku limenelo sinalowe.

Chimandipweteka mpaka lero n'choti munthuyo pakhomo panga amapadziwa. Pa maliro a mayi ake ndinagona pamenepo masiku atatu, ndikuphika, utsi uli m'maso. Kodi kunali kovuta kubwera n'kunena kuti aphunzitsi, mwana wandiuza zakutizakuti, tandifotokozerani? Za anyanizo sindinanenepo n'komwe, sayansi siinena kuti tinabadwa kwa anyani alipowa. Akanandifunsa ndikanamuuza kuti Georges Lemaître, amene mu 1927 analemba kuti chilengedwe chikufutukuka, anali wansembe wa ku Belgium. Gregor Mendel uja, wofufuza za chibadwa pogwiritsa ntchito nsawawa, amene mwana wake yemweyo ankamuloweza pokonzekera mayeso, ankakhala m'nyumba ya amonke. Koma iye sankafuna yankho, ankafuna anthu amuombere m'manja. Abusa nditawadandaulira anangoti ndikhululuke, osamuitana ngakhale kamodzi. Ndinachoka. Pano ndimapemphera kwina, ndipo tikakumana kumsika ndimayang'ana kumbali.

Koma inu musachoke, chonde. Ndipo musawabwezere. Ife amene tinapitako kusukulu tili ndi tchimo lathu, pakamwa pathu sipachedwa kutuluka mawu oti umbuli, oti osaphunzira. Malemu mayi anga anamwalira akukhulupirira kuti masiku 6 a mu Genesis ndi masiku enieni a dzuwa kutuluka ndi kulowa, ndipo sindinaonepo munthu woopa Mulungu ngati iwo. Wina atawatchula mbuli sindikanamusiya. Tikhoza kusiyana pa zaka za dziko, koma woti uyu ndi wa Yesu, uyu ayi, si ine, si mkulu wa mpingo.

Pitani kwa amene anakunenaniyo muli awiriwiri, muwapatse moni bwinobwino, muwauze kuti mawu aja anakulasani. Muwafunse chimene akuopa, chifukwa ambiri amaopa kuti ana awo atayika, ndipo mantha amenewo ndi enieni. Za mafupa ndi zaka muzibweretse pambuyo, mtima ukatsika.

Koma akadzabwerezanso pagulu, imirirani pomwepo muyankhe anthu onse akumva. Ine ndinakhala chete pabenchi paja poti ndimalemekeza nyumba ya Mulungu, ndipo mwana wanga anatenga chetecheteyo ngati kuvomera.